Mbiri ya taifodi yolembedwa m'thupi la kachilombo

Anthu amakonda kunena kuti taifodi ndi matenda a m'tauni, a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ku Blantyre. Maganizo amenewa ndi okayikitsa. Zolembedwa zimachuluka kumene kuli labotale, ndipo kumene kulibe, monga ku Chipera m'boma la Maravia, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, thupi likatentha ambiri amayamba aganiza za malungo.

Zakale n'zochepa. Karl Eberth anaona kachilombo ka taifodi mu 1880, ndipo mu 1948 mankhwala a chloramphenicol anayamba kuchiza odwala. Mu 2001 akatswiri a bungwe la Sanger ku England anawerenga DNA yonse ya kachilomboka. Apa ndi pamene panatseguka njira yatsopano yofufuzira: kuleka kuyang'ana mbali imodzi, n'kuika pamodzi chibadwa cha kachilombo, magazi a wodwala, madzi amene amamwa ndi maulendo a anthu, kompyuta n'kuthandiza kuona mmene zonsezi zimalumikizirana.

Kwathu kuno, nkhani imene inalembedwa bwino ndi ya 2009. Kuyambira mwezi wa Marichi chaka chimenecho, m'midzi ya m'malire a Neno ku Malawi ndi Tsangano m'chigawo cha Tete munabuka nthenda imene poyamba inasokoneza ngakhale azachipatala. Anthu ankatentha thupi, mutu kuwawa, m'mimba kupweteka. Koma ena ankayenda dzandidzandi, miyendo kuuma, manja kunjenjemera, zinthu zimene si kawirikawiri kuziona pa taifodi. Pofika Novembala, ofufuza anali atawerenga odwala 303 m'midzi 18 ya mbali zonse ziwiri za malire. Anthu 11 anamwalira. Zitsanzo zitapimidwa mu labotale, kunapezeka kuti inali taifodi, ndipo tizilombo take sitinkamva mankhwala atatu amene anthu ankadalira: ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, amene ambiri timawadziwa kuti bakitirimu. Ameneyu anali mliri wa kumudzi, wa anthu otunga madzi pachitsime ndi kumtsinje, ndipo malire a mayiko sanautchinge.

Ku Blantyre, Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe limene linayamba mu 1995, lakhala likupima magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998. Mpaka 2010, taifodi inkapezeka mwa anthu pafupifupi 14 pachaka. Mu 2013 anakwana 843. DNA inaonetsa chimene chinasintha: mtundu wa kachilombo wotchedwa H58, wochokera ku Asia ndiponso wosamva mankhwala akale, unali utafika. Kafukufuku wina anapeza kuti ana a m'mabanja ophikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje anali pa chiopsezo chachikulu. Mu 2018 katemera watsopano anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000, ndipo anateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Mu 2023 Malawi anayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse.

Ntchito imeneyi ndi yotamandika, koma inasiya anthu m'mbuyo. Sayansi yofuna kuona nthenda yonse yathunthu inakulira m'mizinda, kumene kuli magetsi osazimazima, mafiriji ndi akatswiri. Madera akutali anatsala kunja, ndipo kumeneko n'kumene madzi abwino amasowa, kumenenso makapisozi amagulidwa pamsika n'kumwedwa masiku awiri okha. Kumwa mankhwala mosamaliza chonchi n'kumene kumapatsa mpata tizilombo tosamva mankhwala kuti tichuluke.

Maravia wachita malire ndi Zambia, ndipo anthu amaoloka kukagula, kukagulitsa ndi kukaona abale, choncho kachilombo kangathe kuoloka nawo. Ofufuza ndi othandiza pa chuma akhazikitse njira yoti magazi a wodwala wa ku Chipera azifika ku labotale asanaonongeke. Ndipo inu makolo, mwana akatentha thupi masiku angapo koma kupima kwaonetsa kuti si malungo, bwererani naye kuchipatala, musamugulire mankhwala pamsika.