Edward Mukuka Nkoloso (1919–1989): msilikali, mphunzitsi ndi womenyera ufulu

Anthu ambiri mu Lusaka akamva dzina la a Nkoloso amakumbukira cinthu cimodzi cabe: mkulu uja amene anali kugubuduza acinyamata m'madilamu ku Chunga, kufupi ndi Matero, powakonzekeretsa ulendo wa kumwezi. Zimenezo zinacitikadi, koma zinatenga zaka zowerengeka pa moyo wa zaka pafupifupi 70. Zaka zina zonsezo a Nkoloso anali msilikali, mphunzitsi, mkaidi wa ndale ndiponso mtsogoleri wa asilikali akale.

Ubwana ndi nkhondo

A Edward Festus Mukuka Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lino, pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia. Anaphunzira pa sukulu za mishoni. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, anatengedwa kukalowa gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment, ndipo anafika pa udindo wa sajeni m'cigawo cotumiza mauthenga.

Gulu limeneli linamenya nkhondo kutali kwambiri ndi kwawo. Mu Ogasiti 1940 linalimbana ndi asilikali a Italy pa Tug Argan ku Somaliland, ndipo pambuyo pake ena anatumizidwa ku Burma kukakumana ndi asilikali a Japan. Maina a malo amenewo tikali kuwachula tsiku ndi tsiku: kampu ya Arakan ndi mseu wa Burma mu Lusaka, kampu ya Tug Argan ku Ndola, ndi makampu a Chindwin ndi Kohima ku Kabwe.

Kumenyera ufulu

Nkhondo itatha mu 1945, asilikali aciafrika anabwerera ku dziko limene linali kuwasala monga kale, ngakhale kuti anali atakhetsa mwazi pamodzi ndi azungu. A Nkoloso anagwira nchito yomasulira zilankhulo m'boma la atsamunda, anaphunzitsanso ana. Zimamveka kuti sukulu imene anatsegula okha inatsekedwa ndi boma. Kucokera apo analowa m'gulu la omenyera ufulu. Anamangidwa mu 1956, anamangidwanso mu 1957, caka cimene anthu a ku Luwingu anakana kumvera malamulo a atsamunda. Cipani ca UNIP citakhazikitsidwa mu 1959, anapatsidwa nchito yoyang'anira citetezo m'cipanico.

Nkhani ya kumwezi

Mu 1960 a Nkoloso anayambitsa bungwe lochedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Pa nthawiyo America ndi Soviet Union anali kupikisana kuti ndani adzayamba kufika kumwezi, ndipo iwo analengeza kuti Zambia idzawapitirira onse awiri. Pa famu ina yosiyidwa, makilomita pafupifupi 11 kucokera pakati pa mzinda, anali kuika ophunzira awo m'dilamu ndi kuligubuduza pa citunda kuti azolowere kuzunguzika kwa m'mlengalenga. Combo cawo anacicha D-Kalu 1 polemekeza a Kenneth Kaunda, ndipo anafuna kuti ciuluke pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma ndalamazo sizinabwere, boma silinaikepo dzanja, ndipo nchitoyo inathera pomwepo.

Pali kanthu kena m'nkhaniyi kamene Akhristu angakonde kudziwa. A Nkoloso analemba kuti pa ulendo wa ku Mars padzakhala mtsikana, amphaka awiri ndi mmishonale, ndipo mmishonaleyo anacenjezedwa kuti asakakamize anthu a kumeneko kulowa Cikhristu ngati safuna. Amanyuzipepala akunja anaseka. Koma olemba ena amaona kuti munthu amene anakulira pansi pa atsamunda anali kudziwa bwino cimene anali kunena, ndipo mwina anali kuwatembenuzira azungu galasi kuti adzione.

Utumiki mu Lusaka

Ufulu utabwera, a Nkoloso anapikisana nawo pa mpando wa meya wa Lusaka koma sanapambane. A Kaunda anawatuma ku African Liberation Centre ku Kamwala, kumene kunali maofesi a magulu omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe, monga ANC ya ku South Africa, ZAPU ndi ZANU a ku Zimbabwe, SWAPO ya ku Namibia ndi MPLA ya ku Angola. Anapuma pa nchito mu 1972.

Ukalamba sunawaletse kuphunzira. Mu 1983, ali ndi zaka zoposa 60, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Anakhalanso pulezidenti wa bungwe la asilikali akale la ku Ndola, anapatsidwa udindo waulemu wa kenelo, ndipo Soviet Union inawapatsa mendulo yokumbukira zaka 40 cithere nkhondo.

Imfa ndi cikumbutso

A Nkoloso anamwalira pa 4 Marichi 1989, ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu. Patapita zaka, dzina lawo linamvekanso kunja kwa dziko cifukwa ca buku la zithunzi la Cristina de Middel la mu 2012 ndi buku la Namwali Serpell, The Old Drift, la mu 2019.

Anzawo ambiri amene anabwera nawo kucokera ku nkhondo sanalembedwe m'buku lililonse. Anakalambira m'makomboni ndi m'midzi, ndipo pafupifupi onse anatisiya. Otsala lero ndi amasiye awo, ana awo, ndi acikulire amene anamenyera ufulu m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Ena timakhala nawo pa benchi imodzi m'chalichi ku Kanyama, ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere, koma sitinawafunsepo mbiri yawo.

Abale ndi alongo, dziko limakumbukira ngwazi zake pa Lolemba loyamba la Julai, ndipo mu Novembala pamaikidwa nkhata za maluwa pa cipilala ca asilikali mu Lusaka. Mipingo ingathe kucita mbali yake masiku amenewa asanafike. Akulu a mpingo, magulu a amai ndi acinyamata akawacezere acikulirewa kunyumba, alembe maina awo ndi zimene anaona, aonenso ngati ali ndi cakudya ndi mankhwala. Zimene adzanene zisungidwe m'mabuku a mpingo, kuti adzukulu awo adzazipeze.