Nyumba ya Mabuku ya ku Joni

 Madzulo ano ndiri kulankhula nanu kucokera ku Palabana, kum'mawa kwa Lusaka. Nkhani yanga ndi ya nyumba imene makolo athu ambiri anaiona ndi maso, koma osalowamo.

Pakati pa mzinda wa Johannesburg, umene ife timati Joni, pali nyumba yaikuru ya mabuku imene inatsegulidwa m'caka ca 1935. Masiku amenewo amuna a ku Nyasaland ndi a dziko lathu lino anali kupita ndi Wenela kukakumba golidi. Cuma ca mzindawo cinaturuka m'manja mwao, koma khomo la nyumbayo linali la Azungu okha. Analitsegulira anthu a mitundu yonse m'caka ca 1974. Tsoka lace, caka comweco ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha anchito a ku Malawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko lace. Cotero khomo linatseguka pamene ambiri anali kumanga akatundu ao kubwerera kumudzi.

Nyumba nayonso imakalamba monga munthu. M'caka ca 2009 anaitseka kuti aikonze ndi kuikuza. Amisiri sanagwetse makoma akale ai, koma anaonjeza nsanja zitatu zatsopano m'kati mwace, ndipo bungwe la Carnegie la ku America linathandiza ndi ndarama. Inatsegulidwanso m'mwezi wa February, 2012.

Koma m'caka ca 2020, itabuka nthenda ya Covid-19, anaitsekanso. Nthenda itacepa, khomo linakhalabe cotseka, pakuti akuru a mzinda anati zida zotetezera moto ziyenera kukonzedwa. Ana a sukulu analindira, nalindira. Eni mzinda atatopa anasonkhana pa khomopo m'caka ca 2024 kudzadandaula, ndipo m'caka ca 2025 nyumbayo inatsegulidwanso.

Anzanga, nkhokwe ingadzale bwanji, ngati iribe polowera ana agona ndi njala. Ngati kwanu kuli nyumba ya mabuku, lowanimo, pakuti makolo athu anaimirira panja. Ndipo akaitseka kuti aikonze, musacite manyazi kufunsa tsiku lotsegulira. Tsalani bwino.