Netiweki yathawa: mawu amodzi, matenda anayi

Intaneti ikaduka pakhomo, dandaulo limakhala limodzi: netiweki yathawa. Wophunzira zamakompyuta amene wapemphedwa kuti akonze amasowa poyambira, chifukwa m'Chichewa cha lero netiweki ikuimira zinthu zinayi: mphamvu yochokera pa nsanja ya kampani ya mafoni, Wi-Fi ya m'nyumba, bandulo, komanso intaneti yeniyeniyo.

Izi n'zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Wi-Fi ndi kanjira ka pakati pa foni ndi rauta basi, koyenda pa mafunde a 2.4 kapena 5 GHz. Timizere tikhoza kudzaza pa foni koma uthenga wa pa WhatsApp osapita, chifukwa rautayo yasiya kulumikizana ndi kunja. N'chifukwa chake mmisiri amayamba wayang'ana timagetsi ta pa bokosi. Pa nyumba ya faiba, kagetsi kolembedwa LOS kakafiira ndiye kuti kuwala kwa mu nthambo sikukufika: mwina yapindika, mwina wina waidula pokumba. Ngati timagetsi tili bwino, amafunsa za bandulo, kenako amazula rauta kumagetsi kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso.

Nthawi zina vuto limakhala kutali zedi. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka kumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inafooka ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Amene ankazimitsa ndi kuyatsa rauta tsiku limenelo ankangodzitopetsa.

Mawu ena osokoneza ndi akuti "makina a intaneti", amene amamveka kawirikawiri pa wailesi. Amapatsa munthu chithunzi chakuti intaneti ndi chipangizo chimodzi chimene chingathe kunyamulidwa kupita nacho kwa wokonza. Koma "masamba a mchezo" anagwira, chifukwa akunena chinthu chimodzi chodziwika. Apa ndi pamene okonda Chichewa chosasakaniza amaphonya: vuto si mawu obwereka. Rauta ndi bandulo zinakhazikika kale pakamwa, monga sukulu ndi galimoto, ndipo kuzisakira mayina atsopano n'kutaya nthawi. Aneni ndiwo athu enieni: kulumikiza, kuduka, kuzimitsa, kuyatsa. Chimene chikusowa ndi malire a tanthauzo, kuti netiweki ikhale mphamvu ya pa nsanja yokha.

Ntchito yotere ili ndi eni ake. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, rauta isanalowe m'makomo. Mu 2014 boma linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, choncho sukulu sidzatikonzera mawu amenewa. Akatswiri a ku Zomba, bungwe la MACRA ndi makampani a mafoni akhale pansi, agwirizane mawu ochepa omveka, ndipo awagwiritse ntchito m'mauthenga opita kwa makasitomala komanso poyankha mafoni a madandaulo.