Mbiri ya Nyimbo za ku Napoli

Napoli ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Italy, m'tsinde mwa phiri lophulika la Vesuvius. Oyimba ake oyamba anali anthu wamba: amayi ochapa zovala ku Vomero, asodzi pokoka khoka, ndi ogulitsa mumsewu amene ankaitanira malonda moyimba. Mwana ankangomva nyimbo zawo kwa mayi ake n'kuzisunga pamtima. Mu 1537 ndi pamene buku loyamba la nyimbo zotchedwa villanella linasindikizidwa mumzindamo, ndipo olemera nawonso anayamba kuzikonda.

Kumidzi kunkalira tammorra, ng'oma yaphanthiphanthi ngati lichero, yokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, ya tizitini tolira m'mphepete. Kutali chakummawa kwa Napoli, m'dera la Salento, mayi akadwala nthawi yokolola ankati walumidwa ndi kangaude wotchedwa taranta. Achibale ankaitana oyimba, n'kuyala nsalu yoyera pansi. Vayolini ndi ng'oma zikayamba, wodwalayo ankagubuduzika, kenako n'kudzuka, kuvina mpaka kugwa, nthawi zina masiku angapo. Akapeza bwino ankapita kukathokoza Paulo Woyera ku Galatina pa 29 Juni. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Ernesto de Martino anaona zimenezi ndi maso ake mu 1959. Kwa ine, apa ndiye pamene pagona mtima wa nyimbozi: mayi wosauka, wolemedwa ndi ntchito ndi nkhawa, ankapeza pomasukira mudzi wonse ukuona.

Mumzinda zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1800. Chikondwerero cha Piedigrotta, chochitika mu Seputembala, chinasanduka bwalo la nyimbo zatsopano, ndipo nyimbo inakhala ndi mwini wake komanso mtengo wake. Funiculì funiculà inatuluka mu 1880 pokondwerera sitima yokwera phiri la Vesuvius. 'O sole mio, ya Giovanni Capurro ndi Eduardo di Capua, inabwera mu 1898.

Ndiye umphawi unathamangitsira anthu miyandamiyanda ku America, nyimbo zawo zili pakamwa. Enrico Caruso, mwana wa ku Napoli, anazijambula pa malekodi, dziko lonse n'kuzidziwa. Zakumudzi zija zinatsala pang'ono kuiwalika, mpaka Roberto De Simone ndi gulu la Nuova Compagnia di Canto Popolare anazifukulanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Kuyambira mu 1998, pafupifupi chaka chilichonse mu Ogasiti khamu la anthu limasonkhana ku Melpignano, m'dera la Salento lija, kudzavina gule wa kangaude uja usiku wonse.