Munda woti anafunamo kale: nkhani ya makobidi a ku Jersey

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kukunkha. Eni munda akumba mtedza wawo, anyamula, apita, koma mwana wa khama akalowamo ndi kakhasu amabwerako ndi mbale yodzadza. Nkhani ya sabata ino ndi ya kukunkha kotero, kungoti chokunkhidwacho ndi ndalama zachitsulo zimene zinagona pansi zaka zoposa 2,000.

Malo ake ndi Jersey, chilumba chaching'ono chapakati pa England ndi France, pafupi kwambiri ndi gombe la Normandy. Ng'ombe zamkaka zija timazitchula kuti Jersey kwawo ndi kumeneku. Chilumbachi chili pansi pa mfumu ya Britain koma chili ndi boma lake ndi malamulo akeake. Nthaka yake inali itatulutsapo kale makobidi akale. Mu 1935, pamalo otchedwa La Marquanderie, panapezeka makobidi oposa 10,000. Mu 1957 ena pafupifupi 2,500 anatuluka ku Le Câtillon, m'dera la Grouville. Ndiye aliyense akanatha kunena kuti za ku Grouville zinatha, amene anali ndi mwayi anatola kale.

Anthu awiri, Reg Mead ndi Richard Miles, sanaganize choncho. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anamva zoti mlimi wina wa m'deralo, akuzula mtengo m'malire a munda, anapeza mphika wa dothi muli makobidi asiliva. Malo enieni palibe anawauza. Iwo anali ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, aja amalira kuti tswii mbale yake ikadutsa pamwamba pa chitsulo. Vuto linali nthawi. Mwini munda ankawalola kulowamo kamodzi pachaka, akatha kukolola, kwa maola 10 mpaka 15 basi. Tawerengani nokha: maola 15 kuchulukitsa ndi zaka 30 ndi maola 450, masiku osakwana 19. Timati anafufuza zaka 30, koma zoona zake n'zakuti anadikira zaka 30.

Nanga zimatheka bwanji kuti munda woti anthu aupondaponda ndi makina n'kukhalabe ndi chuma? Zifukwa zake si zamatsenga ayi. Makina wamba amamva kobidi limodzi ngati lili pafupi, mwina masentimita 20 kapena 30 kuchokera pamwamba. Chimene chili pansi kuposa apo amachidutsa ali chete. Komanso mbale ya makinawo ndi yaing'ono, moti munthu akangopatuka phazi limodzi, wasiya mzere wonse osaufufuza. Pulawo nayo chaka chilichonse imatembenuza dothi, chimene chinali pansi chaka chatha n'kubwera pamwamba chaka chino. Onjezaninso kuti makina a 2012 sanali ofanana ndi a 1982. Choncho mawu oti "tinafunamo kale" amangotanthauza kuti tinafuna mpaka pamene zida zathu zinalekezera.

Kumayambiriro kwa 2012 awiriwa anatola makobidi 61 omwazikana mbali imodzi ya munda, 60 asiliva ndi limodzi lagolide. Anazindikira kuti amenewa ndi zinyenyeswa chabe, gwero lili pansi. Anabwereranso ndi makina ena amphamvu, omva zinthu zazikulu zokwiririka mozama, ndipo mu June chaka chomwecho makinawo analira pamalo amodzi. Atakumba pafupifupi mita imodzi, fosholo inagunda makobidi.

Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa. Munthu wadikira zaka 30, chuma chili pamaso, ndani sakanayamba kukokolola ndi manja awiri? Iwo anasiya kukumba n'kuitana akatswiri ofukula zinthu zakale a Jersey Heritage ndi Société Jersiaise. Akatswiriwo anapeza kuti makobidiwo anamatirirana ndi dothi ndi dzimbiri lobiriwira n'kukhala chibuma chimodzi, kutalika kwake masentimita pafupifupi 140, kulemera pafupifupi makilogalamu 750. Anachitukula chonse chathunthu ndi makina onyamulira katundu.

Ntchito yogawanitsa chibumacho inayamba mu 2014 n'kutha mu January 2017. Ankachotsa kobidi limodzilimodzi, n'kumalemba pakompyuta malo enieni pamene linagona, anthu akuonerera kuseri kwa galasi. Mead ndi Miles nawonso ankathandiza nawo. Chiwerengero chomaliza chinali makobidi 69,347, mulu waukulu kuposa wina uliwonse wa makobidi a nthawi imeneyo umene unapezekapo. Mkatimo munalinso mikombero yagolide yovala m'khosi, mikanda yagalasi, kachikwama kachikopa, ngakhale masamba a zomera amene anagwera m'dzenjemo tsiku lokwirira. Akanakhala kuti anakokolola usiku n'kukagulitsa, masamba ndi chikopacho zikanathera pansi pa nsapato, ndipo palibe akanadziwa chimene chinagona pafupi ndi chinzake.

Eni chumachi anali ndani? Makobidi ambiri ndi a mtundu wa Coriosolites, anthu amene ankakhala kumpoto kwa dera limene lero timati Brittany, ku France. Ankasula ndalama zawo posakaniza siliva ndi kopa, mbali imodzi n'kuikapo mutu wa munthu, mbali inayo hatchi. M'chaka cha 56 Yesu asanabadwe, Julius Caesar ndi asilikali a Roma anagonjetsa mitundu ya m'dera limenelo. N'chifukwa chake ambiri poyamba anaganiza kuti ichi ndi chuma cha anthu othawa nkhondo, amene anachiwolotsa nyanja kuti Aroma asachilande. Koma makobidi ena a mumuluwo, kuphatikizapo ochokera kum'mwera kwa Britain, anachititsa akatswiri kuganiza kuti dzenjelo linakwiriridwa patapita zaka zingapo nkhondoyo itatha. Ena amati malowo mwina anali opatulika, chumacho chinasiyidwa m'manja mwa milungu. Chimene tonse tingagwirizane n'chakuti amene anakwirira sanadzachitengenso. Taganizani, chuma chochuluka chotere sichingakhale cha munthu mmodzi. Amene ankadziwa malo ake anapita nacho kumanda chinsinsicho.

Nkhani ya malipiro inakoka nthawi. Lamulo la ku England la 1996 lokhudza chuma chotoledwa pansi siligwira ntchito ku Jersey, ndiye panali kukambirana kwa zaka zisanu ndi zinayi pakati pa boma la chilumbacho ndi oimira mfumu. Mu December 2021 boma la Jersey linagula chumacho pa mapaundi 4.25 miliyoni kuti chisachoke pachilumbapo, ndipo lero anthu amakachiona ku myuziyamu ya La Hougue Bie.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mead ndi Miles anadekha kawiri: pobwerera m'munda womwewo chaka ndi chaka, komanso poika fosholo pansi tsiku limene anapeza chimene ankafuna. Kwa ine kudekha kwachiwiriku ndiye kovuta. Inu mukanakhala m'dzenjemo tsiku limenelo, mukanaitana ndani? Tionane sabata yamawa.