Amayi pa ntchito ya nkhondo: zimene zithunzi zakale zimaonetsa ndi zimene zimabisa

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amuna ambiri a ku America atapita kukamenya nkhondo, mafakitale anasowa antchito ndipo analemba amayi. Ku Richmond, m'chigawo cha California, malo opangira sitima zapamadzi a kampani ya Kaiser anatulutsa sitima 747 nkhondoyo isanathe, ndipo amayi zikwizikwi ankawotcherera zitsulo kumeneko. Boma linatsegula ofesi yofalitsa nkhani za nkhondo mu 1942, ndipo ojambula ake, monga Alfred Palmer, anajambula amayi atavala maovolosi, atamanga mipango kumutu, ali kalikiliki pa makina. Zithunzizo zinali ndi ntchito yake: kukopa amayi ena kuti akalembedwe. N'chifukwa chake zovala zimaoneka zaudongo ndipo nkhope sizionetsa kutopa. Nkhondo itatha mu 1945, amayi ambiri anachotsedwa kuti asilikali obwerera apeze malo. Za kuchotsedwako zithunzi zotchukazo sizinena kanthu.

Ku Tsangano ndi ku Macanga kunalibe mafakitale otere, ndipo dziko la Portugal, limene linkalamulira Mozambique, silinalowe nawo m'nkhondo imeneyo. Koma patapita zaka zoposa 20 nkhondo inafika ku Tete, ndipo nayonso inasenzetsa amayi ntchito yolemetsa. Makina awo anali mutu, khosi ndi miyendo.

FRELIMO inayamba nkhondo yomenyera ufulu pa 25 Seputembala 1964. Pa 4 Malichi 1967 kunakhazikitsidwa gulu la amayi lotchedwa Destacamento Feminino, ndipo atsikana oyamba, ochokera ku Cabo Delgado, anaphunzira usilikali ku Nachingwea, m'dziko la Tanzania. Mu Malichi 1968 nkhondo inatsegulidwanso ku Tete. Zida zinkalowera ku Zambia, ndipo misewu ikuluikulu inali m'manja mwa asilikali a Apwitikizi. Choncho mfuti, mabokosi a zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pamutu, m'tinjira ta m'tchire, ulendo wa masiku angapo. Ambiri mwa osenzawo anali amayi ndi atsikana. Mayi amene anazolowera kuika nkhata pamutu posenza mtsuko wa madzi kapena mtolo wa nkhuni, tsopano ankaiika pansi pa bokosi la zida.

Ntchito sinathere pa kusenza. Amayi ankalima minda yodyetsa omenya nkhondo, kusinja chimanga, kuphika, kusamalira ovulala ndi ana amasiye, ndiponso kuyenda m'midzi kukambirana ndi makolo amene sankafuna kuti ana awo aakazi achoke pakhomo. Josina Machel, amene ankayang'anira ntchito yosamalira ana ndi mabanja, anamwalira pa 7 Epulo 1971 ku Dar es Salaam ali ndi zaka 25. Tsiku limenelo ndi limene sukulu zimakumbukira chaka ndi chaka monga tsiku la mayi wa ku Mozambique. Bungwe la OMM linabadwa mu Malichi 1973 ku Tunduru.

Zithunzi za nthawi imeneyo zilipo. Zina zinasindikizidwa m'magazini ya FRELIMO yotchedwa Mozambique Revolution, imene inkatuluka m'Chingerezi ku Dar es Salaam. Mafilimu awiri, Behind the Lines ya Margaret Dickinson ndi A Luta Continua ya Robert Van Lierop, anajambulidwa m'madera omasulidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zimene zimaoneka kawirikawiri ndi mzere wa anthu osenza katundu, kapena mtsikana wovala yunifolomu atakoleka mfuti paphewa.

Apa m'pamene zithunzi za ku Richmond ndi za ku Mozambique zimafanana. Zonse zinajambulidwa ndi cholinga. Magazini ya m'Chingerezi sinalembedwere mayi wa ku Furancungo, koma anthu a kunja amene akanatha kutumiza thandizo. Wojambula ankasankha mtsikana wa mfuti chifukwa anali chinthu chachilendo. Mayi wosinja pamtondo usiku kuti asilikali adye m'mawa sankaoneka wachilendo, choncho zithunzi zake n'zochepa. Zochepanso ndi za amayi amene anatsekeredwa m'midzi yokakamiza, ma aldeamento, imene atsamunda anasonkhanitsiramo anthu a ku Tete kuti asathandize zigawenga, monga momwe iwo ankawatchulira. Izi sizikutanthauza kuti zithunzizo n'zabodza. Zimene zikuonetsa zinachitikadi, koma ndi gawo chabe.

Kwa mabanja ambiri a ku Tsangano ndi ku Macanga, nkhondo imene imakumbukika kwambiri ndi ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri m'maboma a m'malire monga Ntcheu ndi Dedza. Amayi anawoloka malire ndi mwana kumbuyo, katundu pamutu. Amene anawajambula nthawi imeneyo anali atolankhani ndi mabungwe othandiza othawa kwawo, ndipo ankafuna kuonetsa kuvutika. Mayi yemweyo akumanga msasa, akuchita ganyu kapena akugulitsa mbatata kuti ana adye, sankalowa kawirikawiri m'chithunzi.

Mphunzitsi wa zinenero ziwiri ali ndi mwayi umene buku la Chipwitikizi lokha silingapereke. Chithunzi chilibe chinenero. Mwana amene angakhale chete atafunsidwa m'Chipwitikizi amatha kufotokoza m'Chinyanja zonse zimene akuona: nkhata, dengu, mapazi opanda nsapato. Mawu a Chipwitikizi angabwere pambuyo, atakhazikika pa zimene mwanayo wanena kale. Umu ndi momwenso ntchito ya PEBIMO inayesera ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, poyamba ndi chinenero cha kunyumba. Ana akafotokoza, mafunso atatu ndi okwanira: Anajambula ndani? Ankafuna kuti aone ndani? Ndani amene sali m'chithunzi?

Funso lachitatulo yankho lake lili kumudzi. Mtsikana amene anasenza zida mu 1970 ali ndi zaka 15, lero wapitirira zaka 70, ndipo nkhani yake amaifotokoza m'Chinyanja. Koma pamafunika kusamala. M'kalasi imodzi mumakhala zidzukulu za anthu amene anali mbali zosiyana, ndipo agogo ena ali ndi zifukwa zokhalira chete. Ndi bwino ana azifunsa za ntchito: agogo ankasenza chiyani, ankayenda masiku angati, ankaphika chiyani, ankabisa kuti chakudya. Mphunzitsi ayambe wakaonana ndi mfumu ndi makolo, ndipo dzina la munthu lisalembedwe popanda chilolezo chake. Zimene ana angalembe, poyamba m'Chinyanja kenako m'Chipwitikizi, zisungidwe pa sukulu pamodzi ndi chithunzi chimene anayambira kukambirana.