Kogona alendo ku Nyungwe: ena m'kati, ena pakhonde

Kwa anzanga nonse a m'makalabu a omvera wailesi, kuyambira ku Ulóngue, ku Dómuè mpaka kumalire kwa Calómuè. Ine ndine mlimi mnzanu wa mbatatesi ndi nyemba. Sukulu ndinalekeza ku pulaimale, ndiye pamene cholembera chatsimphina mundikhululukire. Nkhani yanga ndi ya malo ogona alendo mu mzinda wa Tete, kumene makolo athu ankangoti ku Nyungwe.

Chaka chatha mu Okutobala ndinatsika pa lole ndi matumba anga a mbatatesi. Wogula anandilipira theka, n'kunena kuti zotsalazo ndidzatenge mmawa. Anzanga anayala masaka pamsika monga timachitira nthawi zonse, koma ine tsiku limenelo mtima unakana. Ndinakumbukira mawu a malemu agogo anga aamuna, oti ku Nyungwe anapitako kangapo koma sanagonepo m'nyumba ya chitseko. Ndinati lero mdzukulu wawo alowa. Ndinapeza pensão ina yakale, ya zipupa zochindikala ndi denga lalitali, n'kulipira ndalama yoti kumudzi mayi a ana akanaimva bwenzi titakangana.

Tulo sindinatione, abale. Miyezi imeneyo ku Tete kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo munthu wozolowera mphepo ya ku Dómuè amangokhala ngati nsomba yapamoto. Ndinatuluka n'kukhala pakhonde ndi mlonda, bambo wachikulire wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chinyanja. Atamva kwathu anaseka, amvekere, "Mwana wanga, walipira chipinda koma wabwerera pakhonde pomwe ankagona anthu akwanu." Mawu amenewa anandilasa. Nditabwerera kumudzi ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene amasunga mabuku a mbiri, ndipo zambiri zimene ndikulembazi ndinazitola kwa iwo, zina kwa akuluakulu a m'mudzi.

Tete ndi mudzi wa apaulendo kuyambira kalekale. Apwitikizi asanafike, amalonda a Chiswahili ankagula kale golide ndi minyanga pamenepa. Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1530, ndipo pambuyo pake anamanga linga la São Tiago Maior pafupi ndi mtsinje. Nthawi imeneyo kunalibe hotela. Mlendo wolemekezeka ankafikira kwa mkulu wa asilikali, kwa ansembe kapena kwa mwini prazo, ija minda ikuluikulu ya m'mbali mwa Zambezi imene inkalonderedwa ndi Achikunda. Amtengatenga ake, amene anasenza katundu ndi machila, ankagona pabwalo pafupi ndi moto.

Chitsanzo chodziwika ndi cha David Livingstone. Anafika ku Tete mu Malichi 1856 atawoloka dziko kuchokera ku Luanda, ali wofooka ndi wausiwa. Mkulu wa pa Tete, Major Tito Sicard, anamulandira, kumudyetsa ndi kumusamala kwa milungu ingapo mpaka ananyamuka kupita ku Quelimane. Nanga anthu oposa 100 amene anayenda naye kuchokera kwa Amakololo? Iwo anawasiya pa Tete pomwepo kuti amudikire. Ankadzidyetsa okha polima, podula nkhuni ndi posaka njovu. Pamene anabwerako mu 1858 anapeza ambiri atafa ndi nthomba, ndipo ulendo wowaperekeza kwawo unachitika mu 1860. Dzina la mlendo mmodzi uja dziko lonse limalidziwa, koma a anthu amene anamusenzera katundu ndi ochepa amene analembedwa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti iwowo akakwera kuno kumtunda, zinthu sizinkakhala choncho. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete wapansi kupita ku Kilwa, ndipo podutsa m'dziko la Amaravi anasungidwa ndi mfumu Muzura. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anachokanso ku Tete kupita kwa Kazembe, n'kumagona pafupi ndi midzi ya Amaravi ndi Achewa, akupereka nsalu ndi mikanda kwa mafumu. Zambiri zimene azungu anadziwa za miyambo ya makolo athu, Gamitto anazilemba chifukwa choti anthu anamulola kukhala pakati pawo. Kwathu mlendo ndi mame, umamusamala poti sachedwa kukamuka.

Mahotela enieni anadza mochedwa. Tete anapatsidwa dzina la sidade pa 21 Malichi 1959, ndipo nyumba zosanja zinayamba kuoneka. Hotela imene akuluakulu onse amaitchula akamakamba za nthawi imeneyo ndi Hotel Zambeze, pakati pa tauni. Ntchito ya damu la Cahora Bassa itayamba mu 1969, mumzindamo munadzaza mainjiniya, asilikali ndi amalonda, ndipo ma pensão anachuluka. Koma munthu wa ku Angónia sankalota zolowamo. Lamulo la indigenato linkagawa anthu pawiri, ndipo munthu wakuda wosakhala assimilado ankayenda ndi caderneta, kabuku kosonyeza msonkho ndi ntchito. Lamulolo linathetsedwa mu 1961, koma mtima wa eni malo sunasinthe tsiku lomwelo. Agogo ankati ngakhale ukhale ndi ndalama m'thumba, wapakhomo ankangoyang'ana kumapazi kwako n'kukulozera kuseri.

Iwo ulendo wawo woyamba anapita atagwidwa chibalo. Mlatho kunalibe, anthu ndi magalimoto ankawoloka pa batelão. Mukafika ku Matundo dzuwa litalowa, basi mugona tsidya lino pamchenga, udzudzu ukukudyani, magetsi a tauni mukuwaona patsidya. Mlatho waukulu uja, umene anaukonza ndi injiniya Edgar Cardoso ndipo lero timautcha Samora Machel, unatsegulidwa mu 1973. Ulendo wina agogo anagona pakhonde la sitolo, mlonda atawamvera chisoni, koma anawadzutsa tambala woyamba kuti mwini sitolo asawapeze.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, chitseko chinatseguka kwa aliyense. Apwitikizi ambiri anachoka, ndipo mu 1976 boma linatenga nyumba zobwereketsa. Komabe kuyenda sikunaphweke. Kuti uchoke m'boma lako unkafunika guia de marcha, pepala lonena kumene ukupita ndi chifukwa chake. Kenaka nkhondo inakula. Msewu wochokera ku Zimbabwe kudutsa Tete mpaka ku Zóbuè unkayendedwa pa mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo madalaivala ambiri ankagona m'malole awo podikira ulendo. Nyumba zakale za alendo zinayamba kugugira, utoto kusuluka, mipope kuuma. Ife a kuno sitinkaganizanso za ku Nyungwe. Cha m'ma 1986 midzi yambiri inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ineyo ndinabadwira komweko. Malawi anasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Mayi anga amati asanalandire malo ku msasa, anagona mwezi wathunthu m'khitchini ya banja limene sankalidziwa n'komwe, osalipira kanthu. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo tinabwerera.

Kusintha kwina kunadza ndi malasha a ku Moatize. Kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, makampani enanso anafika, ndipo Tete anadzaza alendo kuposa nthawi ya damu. Mahotela atsopano anamangidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, ena akale anakonzedwanso, ndipo anthu a nyumba zabwino ankazibwereketsa kwa makampani. Zipinda zinakwera mtengo moti ngakhale mphunzitsi kapena namwino wopita kukatenga mapepala ku likulu la chigawo ankasowa pogona. Mlatho wachiwiri wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014. Mtengo wa malasha utagwa alendo aja anachepa, ndipo Vale anagulitsa mgodi wake mu 2022. Mbatatesi, kabichi ndi tomato wambiri amene ankadyedwa m'mahotelamo ankachokera kuno kumapiri, koma wolima wake ankagonabe pa thumba.

Ndiye taonani, anzanga. Poyamba chotchinga chinali khungu, kenaka pepala, kenaka mfuti, lero ndi ndalama. Sindikunena kuti zonse n'zofanana, ayi. Ine ndinalowa pa chitseko cha kutsogolo, ndinapatsidwa kiyi, palibe anandiyang'ana kumapazi. Chimenechi agogo sanachione, ndipo sindichipeputsa. Koma usiku womwewo anzanga asanu anali pamsika, wina atamangirira ndalama m'chiuno kuopa akuba. Ndipo amene anadwazikapo matenda ku chipatala chachikulu cha chigawo akudziwa mmene amayi athu amagonera pa chitenje, masiku ambirimbiri, kutali ndi kwawo.

Mlonda uja anandiuzanso china. Anati pa zaka zonse zimene walondera, hotela yaikulu ya anthu a ku Angónia sinakhalepo ya njerwa. Ndi nyumba ya m'bale ku Matundo kapena ku Chingodzi, kumene mlendo amafika ndi kathumba ka ufa ndi nyemba, ana n'kusamutsidwira pabalaza. Mabanja amenewa asunga odwala, ana a sukulu ndi ofuna ntchito osawerengeka, ndipo palibe buku limene linawalemba.

Pempho langa lili pawiri. Loyamba, kalabu iliyonse ifunse agogo amene atsala: munapita liti ku Nyungwe, munawoloka bwanji, munagona pati, anakusungani ndani? Tizilembe ndi kuzitumiza ku wailesi anthuwa asanatisiye, poti akapita apita nazo. Lachiwiri ndi la ife alimi. Timasonkherana ndalama ya lole ndi ya feteleza. Kodi magulu angapo atagwirizana, sitingathe kubwereka kanyumba kamodzi ku Tete, koti mlimi wodikira ndalama yake kapena mayi wodwazika matenda azifikirako, kusamba ndi kutseka chitseko? Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi tiikambirane pa msonkhano ukubwerawu, ndipo amene ali ndi abale kumeneko atifufuzire mitengo.

Mmawa mwake ndinabweza kiyi, ndinamusiyira mlonda uja kambale ka mbatatesi, n'kupita kukatenga ndalama zanga zotsala. Mayi a ana ndinawauza zoona patapita sabata. Anangoti, "Ulendo wina mudzanditenge, nanenso ndikaone fani yozungulira kudenga."

Ine wanu, mlimi mnzanu wa ku Dómuè.